Funsani Mmisiri: Nyumba za ku Freiburg ndi mvula ya kunsi kwa phiri la Mulanje

Mwezi wathawu ndidangotchulako pang'ono kuti ndidali nawo paulendo wa ojambula mapulani a nyumba wopita ku Germany, kukaona momwe anzathu akumangira malo okhala anthu m'mizinda mosawononga chilengedwe. Makalata ndi mauthenga a pa WhatsApp omwe afika chifukwa cha mawu ochepawo ndi ambiri, ndipo ochuluka achokera kwathu konkuno ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ndasankhapo angapo, ena ndawafupikitsa kuti tikwane pa tsamba.

Funso: A Mmisiri, timamva kawirikawiri za nyumba zosamala chilengedwe, koma pa zithunzi timangoona magalasi ndi masola. Tatiuzani zomwe mudaona ndi maso anu. Kodi zimenezi si za anthu olemera, zoti ife tizingoonera pa foni? (Mphunzitsi wa kusekondale, Luchenza)

Yankho: Aphunzitsi, komwe ndidakhalitsa ndi dera lotchedwa Vauban, mumzinda wa Freiburg, kummwera chakumadzulo kwa Germany, kufupi ndi malire a France. Mzindawo uli m'tsinde mwa mapiri a Black Forest, ndiye kwa ine wokulira kunsi kwa phiri la Mulanje, kudzuka m'mawa n'kuona phiri pazenera sichidali chachilendo. Pomwe pali Vauban lero padali kampu ya asilikali a dziko la France. Asilikaliwo atachoka mu 1992, khonsolo ya mzinda idagula malowo, omwe ndi mahekitala pafupifupi 40, ndipo lero pakukhala anthu opitirira 5,000.

Nditatsika pa kasitima ka mumsewu kaja amati tram, chomwe ndidamva ndi mawu a ana ndi mabelu a njinga. M'timisewu tambiri ta pakati pa nyumba galimoto imaloledwa kulowa kudzatsitsa katundu, pa liwiro la munthu woyenda pansi, koma sigona pakhomo. Yemwe ali ndi galimoto amakagula malo oimikapo m'garaja yaikulu ya kumapeto kwa deralo, ndipo malowo ndi okwera mtengo. Mabanja ambiri adangosankha kukhala opanda galimoto, pakuti kuyambira mu 2006 tram imadutsa pakati penipeni pa deralo kupita kutauni. Ndidaima pakamsewu kena kuonerera ana omwe adajambula mizere ya phada pa phula ndi choko. Mayi wina adadutsa panjinga yokoka kangolo, m'kangolomo muli mwana ndi thumba la kabichi ndi karoti. Anawo adangosuntha pang'ono n'kupitiriza masewera awo.

Nyumba zambiri ndi zansanjika zitatu kapena zinayi, zogundana makoma m'midadada. Mitengo ikuluikulu yomwe idalipo nthawi ya kampu adaisiya, nyumba n'kumangidwa moilambalala. Pakati pa midadada pali mipata ya udzu ndi mitengo, yomwe ndi bwalo la ana komanso njira ya mphepo yozizira yotsika kuphiri. Mdani wawo wamkulu ndi chisanu, choncho makoma amawakutira ndi zotchinga kuzizira zochindikala, ndipo lamulo la deralo lidati nyumba yatsopano isadye mphamvu yotenthetsera yopitirira mayunitsi 65 (kWh) pa sikweya mita iliyonse pachaka. Zina zimadya 15 kapena kucheperapo. Tsidya la msewu waukulu kuli nyumba 59 zomwe adajambula katswiri wa mumzinda womwewo, Rolf Disch. Madenga ake onse ndi masola, ndipo pachaka zimapanga magetsi ochuluka kuposa omwe eni ake amagwiritsa ntchito. Mwina zithunzi zomwe mumaona ndi za nyumba zimenezi.

Tsono pa funso lanu lenileni. Magalasi osanjikiza katatu, makina osinthira mpweya m'nyumba ndi madenga a masola okhaokha ndi zodula, ndipo sindingakuuzeni kuti mukazigule. Ngakhale konko, nyumba za ku Vauban zakwera mtengo moti opeza zochepa akuvutika kupezamo malo, ndipo ena mwa okhalamo adatiuza zimenezi mosabisa. Koma zomwe zidakonza deralo zidachitika njerwa isanaikidwe ndi imodzi yomwe. Anthu ofuna kudzakhalamo adapanga bungwe lawo, Forum Vauban, n'kumakhala pansi ndi khonsolo, nthawi zina kukangana kumene, pa nkhani ya njira, madzi a mvula, mitengo yoti isadulidwe ndi posewerera ana. Ife kuno timayamba ndi kuotcha uvuni. Njira, ngalande ndi poika chimbudzi timaziganizira titalowa kale m'nyumba, mnzathu wa kumtunda atamanganso mpanda wake. Yendani kuseri kwa misika yathu mu Januwale mukaone momwe madzi a padenga la uyu akuthera pakhoma la uyo. Kukhala pansi musanamange sikulira ndalama zakunja, ndipo pa zonse zomwe ndidaona, chimenechi ndicho ndikufuna titengeko.

Funso: A Mmisiri, namondwe wa Freddy adagwetsa nyumba yanga ndi ya mng'ono wanga. Madzi sadachokere kumtsinje, adatsika m'minda ya kumtunda n'kudzaima kukhoma lakumbuyo mpaka khomalo lidanyowa n'kukhala pansi. Chigwereni nyumbazo tikukhala m'kanyumba kongoyembekezera. Tsopano tasonkhako kangachepe. Malo ndi omwewa adatisiyira mayi athu, kwina kulibe. Timange bwanji kuti zisatichitikirenso? (Mayi wa ana anayi, kufupi ndi Chitakale)

Yankho: Pepani kwambiri, amayi. Malichi wa 2023 sitidzamuiwala kuno. Anthu oposa 600 adamwalira m'chigawo cha kummwera, mazana ena sadapezeke, ndipo opitirira 600,000 adasowa pokhala. Ndiyankha motalikirapo chifukwa makalata onga yanuyi ndi ambiri.

Choyamba mutsimikize kuti malo anuwo si njira ya napolo. Madzi osefukira m'minda ndi kugumuka kwa phiri ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ngati pamalopo padadutsa matope osakanikirana ndi miyala ikuluikulu ndi mitengo, palibe pulani yomwe ndingakujambulireni yoti ipirire zimenezo, ngakhale mutathira simenti wochuluka bwanji. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Anzathu a ku Phalombe adaziona mu Malichi 1991 napolo atatsika m'phiri la Michesi, ndipo mu 2023 zidachitikanso m'madera angapo ozungulira phiri lathu. Funsani anganga a m'mudzimo komwe madzi adadutsako kale. Onani ngati m'munda muli miyala ikuluikulu yochita kugubuduzika kuchokera kumtunda, mitengo yopendamira kumunsi, kapena ming'alu m'nthaka. Mukaona zotere, pitani kwa amfumu ndi kukhonsolo mukakambirane za malo ena, ngakhale kusiya malo a makolo n'kowawa.

Koma momwe mwalongosoleramu, vuto lanu ndi madzi oyenda pamwamba pa nthaka, ndipo amenewo amatheka kuwawongolera.

Ku Vauban madzi a mvula sawathamangitsira m'mapaipi a pansi monga amachitira m'mizinda yambiri. Tsiku lina mvula idatipeza tili kumeneko. Madzi a padenga adatsika m'paipi, n'kuyenda m'kangalande ka miyala kodutsa panjira ya anthu apansi, n'kukathera m'ngalande yotakata, yosazama, yomera udzu. Adaima mmenemo olekeza mu akakolo, ndipo pofika madzulo adali atalowa pansi, chifukwa kunsi kwa udzuwo adayalako timiyala. Madenga ena ali ndi dothi ndi tizomera pamwamba, tomwe timasunga madzi kaye asanatsike. Ndidasirira, komano ndikuchenjezeni. Mvula ya ku Freiburg ndi cha m'ma 900 mm pachaka, yogwa mwezi uliwonse, ndipo Vauban ili pamalo athyathyathya. Yathu mbali ya minda ya tiyi imapitirira 1,500 mm, yambiri imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo, ndipo ambirife timakhala pamtsetse. Kuno munthu akakumba dzenje lomwetsa madzi kumtunda kwa nyumba yake, ndiye kuti wanyowetsa nthaka yomwe yanyamula maziko.

Choncho kumtunda kwa nyumba, mamita angapo kuchokera pakhoma, kumbani ngalande yopingasa yoti igwire madzi otsika m'minda n'kuwalambalalitsa. Ipendekeke pang'ono kuti madzi asaime, muiyale miyala, ndipo mbali ya kumtunda mubzale vetiva mothithikana. Alangizi a zaulimi amadziwa kuyeza mizere yotere, ndi luso lomwe lija la akalozera. Kumunsi kwa nyumba, kutali ndi maziko ndi chimbudzi, ndiko madzi angafatse n'kulowa pansi, pa nthochi kapena padimba. Musanakumbe, itanani wa kumtunda ndi wa kumunsi kwanu, muyende limodzi kutsata njira ya madziwo kuyambira komwe akuchokera mpaka komwe akathere, amfumu ali pomwepo. Ngalande yokumba munthu payekha imangosamutsira vuto pakhomo pa mnzake, ndipo milandu yambiri ya m'dzinja imayambira pamenepa.

Musaiwale denga lanu lomwe. Mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la masikweya mita 60, pa mvula ya 1,500 mm, limatsitsa malita 90,000 pachaka, ndipo pa nyumba zambiri madzi onsewa amagwera m'tsinde mwa khoma. Ikani zotchera madzi m'mphepete mwa malata, ena alowe mu thanki kapena mu mgolo, osefukira atsate ngalande.

Tibwere ku nyumba yeniyeniyo. Maziko akhale a miyala kapena njerwa zopsa bwino, omangira simenti, ndipo akwere masentimita 45 pamwamba pa nthaka. Pamwamba pake muyale pepala la pulasitiki lakuda musanayambe khoma, kuti chinyezi chisakwere. Nyumba zambiri zomwe ndidaziona zitagwa mu 2023 zidali za njerwa zabwinobwino koma zomangira matope. Mvula ya masiku angapo osalekeza idasungunula matopewo, njerwa n'kutsala zopanda chozigwira. Ngati simenti sakwanira khoma lonse, muike m'mizere ya pansi, m'makona ndi mozungulira zitseko ndi mazenera, kenako mupake pulasitala kunja, makamaka mbali yomwe mvula imawomba. Malata atuluke masentimita 60 kapena kuposerapo kunja kwa khoma, ndipo khonde lizungulire nyumba yonse, lopendekera kunja. Pamwamba pa makoma pakhale lamba wa konkire wa zitsulo, uja amisiri timati ring beam, ndipo mapaso amangiriridwe pamenepo ndi waya wolimba. Kusanja miyala pamwamba pa malata sikuletsa mphepo kusasula denga. Unduna woona za malo ndi nyumba uli ndi buku la malangizo a kamangidwe kolimba, Safer House Construction Guidelines, ndipo mmisiri wanu akalifunse kukhonsolo.

Ndalama zikachepa, mangani zipinda ziwiri zolimba kusiyana ndi zisanu za matope. Ndipo poti malo ndi a nonse awiri, ganizirani zomanga nyumba ziwiri zogawana khoma limodzi lapakati, aliyense ndi khomo lake ndi khonde lake. Mupulumutsa khoma lathunthu ndi maziko ake, ngalande ikhala imodzi, ndipo padzatsala malo a dimba.

Funso: A Mmisiri, ndangomaliza maphunziro a zomangamanga ndipo ndapeza ntchito yanga yoyamba. Mwini nyumba wandionetsa chithunzi cha nyumba ya ku Ulaya ya magalasi akuluakulu, ndipo akuti adawerenga kuti mazenera aakulu aziyang'ana kummwera. Nditsatire? (Mmisiri wachinyamata, Bvumbwe)

Yankho: Mphwanga, zomwe adawerengazo ndi zoona ku Germany. Freiburg ili madigiri 48 kumpoto kwa equator, ndiye masana dzuwa limakhala mbali ya kummwera chaka chonse, ndipo m'nyengo yozizira limadutsa chapansi kwambiri. Nyumba za Rolf Disch zija zidayang'ana kummwera kuti dzuwa la m'chisanu lilowe mpaka m'kati, ndipo denga lidatuluka kutsogolo kuti litchinge dzuwa la nyengo yotentha lomwe limadutsa pamwamba. Iwo amasaka kutentha miyezi yambiri pachaka.

Ife tili madigiri pafupifupi 16 kummwera. Mu Juni ndi Julayi, nthawi yomwe ku Bvumbwe munthu safuna kuchoka pamoto, dzuwa limadutsira mbali ya kumpoto. Chakumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale limakhala paliwombo penipeni masana. Tsono nzeru yake ndi yomweyo koma mbali yatembenuka. Mazenera a pabalaza ndi a zipinda zogona ayang'ane kumpoto, denga lituluke mokwanira kuti mu Okutobala dzuwa lisalowe koma mu Juni lilowe n'kuumitsa chipinda. Nyumba italike kuchokera kummawa kupita kumadzulo, kuti makoma aafupi ndiwo ayang'anizane ndi dzuwa lotuluka ndi lolowa. Khoma la kumadzulo ndilo lovuta. Dzuwa la 3 koloko masana mu Okutobala likalowa pagalasi lalikulu, m'chipindamo simugoneka mpaka pakati pa usiku. Kumeneko ikani zenera laling'ono kapena khonde, kapena mubzale mtengo wa mapeyala patali pang'ono ndi maziko.

Kummwera ndi kummwera chakummawa ndiko kumachokera mwera ndi chiperoni. Galasi lalikulu kumeneko lidzangolowetsa kuzizira, ndipo khoma la mbali imeneyo ndilo limachita ndere kunja ndi chuku m'kati. Mulipake pulasitala wabwino, ndipo m'chipinda chilichonse mpweya ukhale ndi polowera ndi potulukira. Anthu ambiri masiku ano akutseka tizibowo ta mpweya ta pamwamba pa mazenera poopa fumbi ndi udzudzu. Musatseke, ikanipo kawaya kosefa.

Pa za kutentha kwa malata, ndimakonda kuloza ntchito ya Francis Kéré wa ku Burkina Faso, yemwe ofesi yake ili ku Berlin. Sukulu yomwe adamanga kumudzi kwawo ku Gando mu 2001 ili ndi siling'i ya njerwa zadothi, ndipo malata adawakweza pamwamba pake, kusiya mpata woti mphepo izidutsa n'kuchotsa kutentha. Mu 2022 adakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yaikulu kwambiri pa ntchito yathuyi. Ku Bvumbwe sindingakulangizeni kukweza malata motero chifukwa cha mvula yowomba cham'mbali, koma ikani siling'i, ngakhale ya nsungwi zoluka kapena mphasa, ndipo musiye tizibowo totchinga ndi waya kuti mpweya wotentha wa pakati pa siling'i ndi malata uzituluka. Mwini nyumbayo mupite naye pamalopo m'mawa komanso madzulo, akaime padzuwa aone yekha komwe likuchokera. Mukamangomuonetsa pepala mukangana mpaka kalekale.

Funso: Ndamva kuti boma lidaletsa njerwa zootcha. Ine ndaumba kale zidina ndipo ndikusaka nkhuni. Kodi ndilakwira lamulo? Nanga njerwa za SSB n'zolimba? (Bambo wopuma pantchito, Thyolo Boma)

Yankho: Bambo, malamulo omwe adakhazikitsidwa mu 2018 kudzera ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la NCIC amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Ngati mukumanga sitolo kapena nyumba zoti muzichititsa lendi, kafunseni kukhonsolo musanayatse uvuni. Koma ngakhale itakhala nyumba yanu yogonamo, nkhunizo mukazitenga kuti? Inu a ku Thyolo mukudziwa nkhalango yomwe idali m'phiri la Thyolo ndi momwe phirilo likuonekera lero. M'midzi yambiri anthu afika podula mitengo ya mango kuti aotchere njerwa, ndipo zimandipweteka mtima, chifukwa mtengo womwe udadyetsa ana zaka makumi atatu umatha m'masiku ochepa. Phiri likakhala lopanda mitengo madzi amatsika mothamanga, kukagwetsa nyumba zomwe zidamangidwa ndi njerwa zomwezo.

Zidina mwaumbazo musataye. Zosaotcha zimakhala bwino m'makoma a m'kati, bola maziko akhale okwera, pulasitiki ayalidwe, ndipo denga lisadonthe. Ku Germany komweko ndidalowa m'nyumba zatsopano zomwe makoma ake a m'kati adapakidwa dongo, eni ake akulinyadira chifukwa limayamwa chinyezi n'kuchitulutsa pang'onopang'ono. Pa maziko ndi makoma a kunja ndipo pofunika njerwa zopirira madzi.

Za SSB ndi dothi losefa, mchenga ndi simenti pang'ono, kawirikawiri pakati pa magawo 5 ndi 10 pa 100 alionse, zotsindira m'makina a manja. N'zolimba ngati dothi lili loyenera ndipo zasamalidwa. Dothi lofiira la kunoli lili ndi dongo lambiri, choncho pamafunika kuwonjezera mchenga. Thirani dothi m'botolo loonekera, mudzaze madzi, mukhutchumule, mulisiye mpaka mawa. Mchenga udikha pansi, dongo pamwamba, ndipo mchengawo uyenera kupitirira theka. Njerwa zikaumbidwa zifunditsidwe pulasitiki, zizithiridwa madzi tsiku ndi tsiku kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo zisamangidwe milungu inayi isanakwane. Chomwe chimaipitsa mbiri ya njerwazi ndi kuchepetsa simenti ndi kupupuluma. Musanagule kwa munthu, tengani imodzi muiviike mu ndowa usiku wonse. Ikafewa kapena kusungunuka m'makona, zisiyeni.

Funso: Ndife amayi khumi a banki m'khonde, ndipo ambirife timakhala nyumba za lendi. Tikufuna tigule malo amodzi, tigawane, aliyense amange yake. Tidamva kuti kunjako anthu amamanga pagulu. Zimayenda bwanji? (Mlembi wa gulu, Limbuli)

Yankho: Amayi, kalata yanu yandikondweretsa kwambiri, chifukwa nyumba zambiri za ku Vauban zidamangidwa momwemo. Mabanja angapo amagwirizana, amagula puloti imodzi, amalemba wojambula mapulani mmodzi ndi womanga mmodzi, popanda kampani yogulitsa nyumba pakati, ndipo khonsolo pogulitsa mapuloti inkapereka mwayi woyamba kwa magulu otere. Phindu lomwe kampani ikadadya limatsala m'matumba mwawo. Ndidalowa m'nyumba ina yotere. Banja lililonse lili ndi khomo lake ndi kiyi wake, koma chipinda chochapira ndi chimodzi, posungira njinga ndi pamodzi, ndipo munda wa kuseri ndi wa onse. Pachitseko cha chipinda chochapira adamata pepala la mayina ndi masiku, ndipo mayi yemwe ankatiyendetsa adati pepala limenelo lidathetsa mikangano yambiri.

Kunoko nzeru imeneyi tikuifuna kuposa iwo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 684,000 m'boma la Mulanje ndi 721,000 m'boma la Thyolo, pomwe gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'maesiteti a tiyi. Aliyense akamaika nyumba pakati pa puloti yake, malo amathera m'timipata tosalimika tozungulira nyumbayo.

Ndiye musayambe ndi kudula malowo pakhumi. Yambani ndi kujambula njira yolowera, komwe madzi adzadutse, mitengo yoti itsale, poika zimbudzi, ndi chitsime ngati mudzakumbe, chomwe chikhale kumtunda ndi mamita osachepera 30 kuchokera ku chimbudzi. Kenako muike nyumba m'mizere iwiri ya zisanuzisanu, bwalo la ana ndi poyanika zovala pakati. Nyumba khumi zoima pazokha zimafuna makoma a m'mbali 20, pomwe mizere iwiri yotere imafuna 12.

Ndikudziwa kuti wina m'gulu mwanu anena kuti akukana kubwerera ku malayini a kuesiteti, ndipo sakulakwa. Chomwe chimatopetsa m'malayini ndi chipinda chimodzi, zenera mbali imodzi, ndi khoma lolekeza panjira moti mnzako akatsokomola umamva. Zanuzo zikhale ndi khomo kutsogolo ndi kumbuyo, mazenera mbali zonse ziwiri, ndi kabwalo ka kuseri ka banja lililonse koikapo khitchini ndi mbaula ya chitetezo. Khoma lapakati likhale la njerwa ziwiri ndipo lifike mpaka kumalata, kuti litchinge phokoso ndi moto.

Poti ndalama za banki m'khonde zimabwera pang'onopang'ono, pulani ikhale yoti nyumba idzakule. Ku Iquique, m'dziko la Chile, wojambula mapulani Alejandro Aravena ndi anzake adamangira mabanja 93 theka la nyumba mu 2004, lomwe lidali gawo lovuta kumanga wekha, la makoma onyamula, masitepe, khitchini ndi bafa, n'kusiya mpata woti eni ake adzawonjezere zipinda akapeza ndalama. Inunso yambani ndi maziko, ngalande ndi zipinda ziwiri kwa aliyense, malo a chipinda chachitatu akhale ojambulidwa kale.

Chomwe chingakugwetseni ndi mapepala. Musanapereke ndalama, tsimikizani kwa amfumu ndi ku ofesi ya za malo kukhonsolo kuti wogulitsayo ndi mwini wake ndipo abale ake avomera. Lembani pangano lonena gawo la aliyense, chochitika wina akalephera kusonkha, akafuna kugulitsa, banja likatha, kapena akamwalira, ndipo ana ake atchulidwe mayina. Amuna anu ndi ankhoswe alidziwe panganolo tsopano, zinthu zili bwino.

Funso: Ndalama zomwe ndili nazo zikukwanira chimodzi, sola yaikulu kapena siling'i ndi zotchera madzi padenga. Ndiyambe chiti? (Namwino, Makwasa)

Yankho: Achemwali, yambani ndi siling'i ndi zotchera madzi. Zimenezi zimateteza nyumba ndi thanzi lanu, ndipo zikaikidwa bwino zimakhala zaka zambiri osafuna ndalama ina, pomwe batire ya sola imatha n'kufuna yatsopano. Pakadali pano kasola kakang'ono kowunikira ndi kutchajira foni kakukwanirani. Amisiri akamaika siling'i muwauze asiyiretu kapaipi kodutsa mawaya kuchokera padenga, kuti musadzaboolenso. Tsiku lomwe mudzagule yaikuluyo, iyang'ane kumpoto, ipendekeke madigiri 15 mpaka 20 kuti mvula izitsuka fumbi, ndipo poyeza kukula kwa batire muwerengere masiku a chiperoni omwe dzuwa silioneka.

Mwezi wamawa tidzakamba za zimbudzi pamalo otsetsereka ndi pomwe madzi ali pafupi. Otumiza mafunso jambulani malo anu papepala, muonetse kumtunda, kumunsi, komwe dzuwa limatulukira ndi nyumba za oyandikana nawo.